Trout ya Febuluwale: Pamene Walton ndi Cotton Sanamvane

Alipo mabuku ena amene amakhalitsa chifukwa cha mkangano wobisika m'kati mwake, ngakhale eni ake sanafune kukangana. Limodzi mwa mabuku otere ndi The Compleat Angler, buku la Chingerezi lonena za kuwedza nsomba ndi mbedza, limene Izaak Walton analitulutsa ku London m'chaka cha 1653. Pamene linkasindikizidwa kachisanu m'chaka cha 1676, bwenzi lake Charles Cotton anawonjezerapo gawo lachiwiri, lophunzitsa kuwedza nsomba za trout ndi grayling m'mtsinje wa madzi oyera ndi nyambo yochita kupanga ya nthenga ndi ubweya. Amuna awiriwa ankakondana kwambiri, kotero kuti Cotton, amene anali wamng'ono kwa mnzakeyo ndi zaka 37, ankamutchula Walton kuti bambo. Koma pa nkhani imodzi bambo ndi mwana sanamvane, ndiyo ya tsiku limene munthu woona mtima angayambe kuwedza trout pamene nyengo yachisanu ikupita kumapeto.

Awerengi amene anakwerapo phiri la Zomba ndi kuona mtsinje wa Mulunguzi, kapena amene anafikako ku Chelinda pa Nyika, nsomba imeneyi akuidziwa, pakuti Angerezi anabweretsa mtundu wina wa trout m'mapiri athu m'nthawi ya utsamunda. Ndi nsomba yamawangamawanga, yochenjera, yokonda madzi ozizira ndi othamanga, ndipo chakudya chake chachikulu ndi tizirombo tokulira pansi pa madzi, timene tikakhwima timakwera pamwamba ndi kuuluka, monga mmene nkhungu zimachitira ku nyanja. Msodzi amatenga mbedza yaing'ono, naikulunga ndi ulusi, ubweya ndi kanthenga, mpaka ioneke ngati kachirombo ka nyengo imeneyo, kenaka amaiponya mwaulemu kuti itere pamadzi ngati chamoyo. Nsomba ikanyengeka, yagwidwa. Grayling ndi mbale wake wa trout, wokhala m'mitsinje yomweyo, wodziwika ndi chipsepse chachikulu chapamsana. Tisaiwalenso kuti ku England chisanu chimafika pachimake mu Disembala ndi Januwale, ndipo chimayamba kutha mu Febuluwale ndi Marichi, nthawi imene kuno chimanga chiri m'munda.

Maganizo a Walton anali omveka bwino. Iye anaona kuti trout imaikira mazira cha mu Okutobala kapena Novembala, ndipo kuti m'miyezi yotsatira imakhala yowonda, yamutu waukulu, yodwaladwala, nthawi zina ya nsabwe za m'madzi, kufikira dzuwa litayamba kufunditsa nthaka ndi madzi. Chotero analangiza kuti munthu asayambe kuiwedza pakati pa Marichi pasanafike, ndipo anaiika nkhaniyi ngati ya chikumbumtima. Penanso m'bukumo akudandaula za anthu ogwira nsomba m'nyengo yoswana, nawafanizira ndi munthu wotenga mbalame yaikazi iri pa mazira, chinthu chimene chilamulo cha Mose chinaletsa pa Deuteronomo 22:6-7. Nkhani yake yonse anaiika m'mwezi wa Meyi, m'mbali mwa mtsinje wa Lea kumpoto kwa London, pamene maluwa achita maluwa ndipo atsikana okama ng'ombe akuimba m'madambo. M'buku la Walton mulibe chisanu.

Tikanena zoona, Walton sanali katswiri wa nyambo ya nthenga. Iye anali munthu wa nyongolotsi, ziwala ndi tinsomba tating'ono, ndipo zambiri zimene analemba za nyambo yopanga anachita kubwereka kwa alembi ena, monga Thomas Barker. Analinso wokhulupirira msanga nthano za makolo ake: akusimba mosakayika kwenikweni kuti nsomba zina zimabadwa kuchokera ku udzu wa m'madzi, ndi kuti mikunga ina imachokera ku mame. Ngakhale chifundo chake chinali ndi malire odabwitsa. Munthu yemweyo wodera nkhawa nsomba yoswana akuphunzitsa mofatsa mmene mungabayire chule wamoyo pa mbedza kuti akhalitse asanafe, ndipo ndi chifukwa cha zoterezi mlakatuli Byron anadzamunyoza pambuyo pake kuti anali nkhalamba yankhanza. Wowerenga wochenjera angathe kuganizanso kuti pa nkhani ya Marichi, Walton ankadera nkhawa mbale yake ya chakudya monga momwe ankaderera nkhawa mtsinje, pakuti nsomba yowonda sikoma.

Cotton anali munthu wina ndithu. Anabadwa m'chaka cha 1630 ku Beresford Hall, nyumba ya makolo ake yoyang'anizana ndi mtsinje wa Dove, umene umalekanitsa maboma a Staffordshire ndi Derbyshire. Mtsinjewu umayambira m'mapiri a Axe Edge pafupi ndi Buxton, ndipo umayenda makilomita oposa 70 usanathire mu Trent, kudutsa m'zigwa zopapatiza za miyala ya njereza, m'mene madzi ake amayera kotero kuti nsomba imamuona munthu iye asanaione. Cotton anakulira pa madzi amenewa. Anali mlakatuli ndi womasulira mabuku, ndiye amene anatembenuzira m'Chingerezi zolemba za Montaigne wa ku France. Analinso munthu wangongole zosatha. M'chaka cha 1674 anamanga kanyumba ka miyala m'mphepete mwa mtsinje, kopumuliramo asodzi, ndipo pamwamba pa khomo anazokotapo zilembo zoyamba za dzina lake ndi la Walton zitalukana. Kanyumbako kalipo mpaka lero.

Gawo lake analilemba mofulumira, m'masiku oposa pang'ono 10, ndipo kalata yolitumizira kwa Walton iri ndi deti la 10 Marichi. Nkhani yakenso ikuchitika m'masiku omwewo a kumayambiriro kwa Marichi, chisanu chisanachokeretu. Mwini mtsinje, amene akutchedwa Piscator, ndiye kuti msodzi m'Chilatini, akumana pa msewu pafupi ndi Ashbourne ndi mlendo wotchedwa Viator, ndiye kuti wapaulendo, namuitanira kwawo. Mlendoyo ndi munthu wa kuchigwa, ndipo ulendo wa m'mapiri ukumuopsa: akudandaula za zitunda zotsetsereka, akuseka kamlatho ka miyala kopapatiza kamene akuganiza kuti anamangira mawilibala, nalumbira kuti sadzadzeranso njira imeneyo. Kamlathoko, kamene kali pa mudzi wa Milldale, kamatchedwa ndi dzina la Viator mpaka pano. M'masamba amenewa muli mphepo, muli matope, muli mowa ndi fodya wa m'kaliwo wa m'mamawa, ndipo anthu ake amayankhulana ngati anthu enieni. Pamene Walton amatikhazika pansi pa mtengo kuti timve ulaliki wokoma, Cotton amatitengera kumadzi manja ali gwa ndi kuzizira.

Pa luso lenileni, palibe kukayika kuti mwana anaposa bambo. Cotton ankawedza ndi ndodo yaitali mayadi 5 kapena 6, yopanda chokulungira chingwe, ndipo chingwe chake chinali cholukidwa ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo, chonka chiwondera mpaka kutsala ubweya uwiri wokha pafupi ndi mbedza. Langizo lake lalikulu, limene asodzi akulitsatabe, ndi lakuti chingwe chikhale chopyapyala ndipo munthu aime patali ndi nsomba. Akufotokoza nyambo 65, mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale, ndipo pa iri yonse akunena ubweya woyenera: wa chimbalangondo, wa ngamira, wa nkhumba, wa mwana wa ng'ombe. Pofuna mtundu wobiriwira motuwa wa kachirombo ka mu Marichi, akulangiza kupesa khosi la galu wakuda wosakira ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, ndi kutenga kaubweya kotsalira m'chipesomo. Akulangizanso kuyang'ana ubweya uli wonse pouloza ku dzuwa, popeza mtundu wake weniweni umaoneka kuwala kukaupyoza, monga mmene nsomba imauonera kuchokera pansi. Nyambo zikuluzikulu za ku London ankaziseka. Ina imene anapatsidwa anaipachika pa zenera kuti azisekera. Munthu wolemba zotere anagonera pa ntchito yake. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tifike pa mawu amene abweretsa nkhani yonseyi. Asanayambe mndandanda wa nyambo zake, Piscator akukumbukira lamulo la bambo wake la pakati pa Marichi, ndipo akuliyankha mwaulemu wonse. Akuyamba ndi pempho laling'ono: kuti nkhalambayo imulole kuwedza grayling nthawi isanakwane, popeza grayling imanona m'miyezi yachisanu. Akusimba za grayling yaikulu imene anaigwira pa 6 Disembala. Kenaka, m'chiganizo chomwecho, mosapuma ndi mosapepesa, akuwonjeza kuti ndi trout yomwe amaigwira ndi nyambo ya nthenga, pakati pa Marichi pasanafike, ndiponso mu Febuluwale pafupifupi chaka chiri chonse, kupatula chaka cha nyengo yoipitsitsa. Atatero akubwereranso ku grayling, nanena kuti ngakhale mu Januwale, dziko litauma ndi chisanu, amaigwira dzuwa likawala kwa ola limodzi kapena awiri chakumasana. Trout ya Febuluwale yalowa pakati pa grayling ziwiri ngati mbuzi yolowa m'munda pakati pa nkhosa.

Taonani bwino zimene zachitika apa, pakuti ndi luso la wolemba komanso ndi kuzemba. Walton ananena za choyenera. Cotton wayankha za chotheka. Funso linali lakuti kodi n'chilungamo kugwira nsomba imene yangotha kuswana, yofooka ndi yanjala. Yankho lake ndi lakuti nsombayo imagwidwa, ndipo iye amadziwa kuigwira. Sakutsutsa kuti trout ya Febuluwale ndi yowonda. Sakunena kuti mu Dove nsomba zimachira msanga kusiyana ndi za ku Lea, ngakhale mwina akanatha kutero, popeza mitsinje ya njereza imakhala ndi chakudya chambiri. Wangoika luso lake pamalo pamene panafunika chifukwa, ndipo popeza walemba mokoma, wowerenga amadutsa osazindikira kuti funso latsala osayankhidwa. Kuzemba kotereku tonse timakudziwa. Timakumva kwa wamalonda amene mukamufunsa ngati mtengo wake ndi wachilungamo amakuuzani kuti anthu akugula, ndi kwa mlenje amene mukamufunsa za mphoyo yabere amakuuzani kutalika kwa pamene anaiwombera.

Komabe tisamuweruze Cotton mopitirira. Zimene anaona pa mtsinje zinali zoona, ndipo asayansi a lero akumuvomereza. Trout ndi nyama imene thupi lake limatsata kutentha kwa madzi: madzi akazizira kwambiri imadya pang'ono, imakhala pansi m'maiwe oyenda pang'onopang'ono, yosafuna kutaya mphamvu. Koma kumapeto kwa chisanu, tsiku likafunda pang'ono, tizirombo tina timaswa chakumasana, makamaka timbudzi tating'ono tonga nkhungu ndi kachirombo kamapiko otuwa kamene akatswiri amakatcha Baetis rhodani, ndipo kwa kanthawi kochepa nsomba zimakwera kudzadya pamwamba. Ola limodzi kapena awiri a Cotton si nthano. Ndiponso pa grayling anali ndi chifukwa chomveka, pakuti nsomba imeneyi imaswana chisanu chitatha, ndipo m'miyezi yozizira imakhaladi pa mphamvu zake zonse.

Chimene onse awiri sankachiona bwino ndi chimene chiri pansi pa timiyala. Trout yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira wake pa nsangalabwi za m'madzi osaya, imaikiramo mazira, yaimuna nkuwathira mphamvu, kenaka yaikazi nkukwirira. M'madzi ozizira a ku England mazirawo amatha pafupifupi miyezi itatu asanaswe, ndipo akaswa, tiana timakhalabe m'timiyalamo milungu ingapo, tikudya kathumba ka chakudya kamene timabadwa nako pamimba. Ndiye kuti mu Febuluwale ndi Marichi mtsinje wonse ndi chikuta. Pamwamba pali amayi owonda amene akuyamba kumene kubwezeretsa thupi, pansi pali mbewu ya zaka zikubwerazo. Nkhalamba yokhulupirira kuti mikunga imachokera ku mame inalasa pa nkhani iyi, ndipo katswiri wodziwa ubweya wa khosi la galu anaphonya.

Malamulo a dziko lawo anadzagwirizana ndi nkhalambayo. Lero pa mitsinje ya m'chigawo chimene muli Dove, n'koletsedwa kuwedza trout ya mtundu wa komweko kuyambira pa 8 Okutobala mpaka pa 17 Marichi, ndipo grayling imapumitsidwa kuyambira pa 15 Marichi mpaka pa 15 Juni. Cotton akanabwera lero, grayling yake ya Disembala akanaigwira mwaufulu, koma trout yake ya Febuluwale ikanamutengera kubwalo la milandu. Pali kanthu kena kosangalatsa pa madetiwa. M'masiku a Walton dziko la England linali lisanalandire kalendala imene Papa Gregory XIII anakonza m'chaka cha 1582. Linadzailandira m'chaka cha 1752. Kalendala yawo inali m'mbuyo ndi masiku 10, kotero kuti pakati pa Marichi pa Walton ndi cha pa 25 Marichi pa kalendala yathu. Chikumbumtima cha nkhalambayo chinali chokhwima kuposa lamulo la lero ndi sabata yathunthu.

Koma adzukulu a Cotton sanathe, ndipo ambiri a iwo ali ku America. Kumeneko kuli mitsinje imene imatseguka chaka chonse, makamaka yotuluka pansi pa madamu aakulu, monga San Juan kumunsi kwa damu la Navajo ku New Mexico, ndi Bighorn kumunsi kwa damu la Yellowtail ku Montana. Madzi ochokera pansi pa damu sasintha kwambiri kuzizira kwake, kotero kuti saundana ngakhale dziko lonse litayera ndi chisanu, ndipo tizirombo timaswa mwezi uli wonse. Mu Febuluwale mudzapeza asodzi ataima m'madzi ofika m'chiuno, atavala zovala zosalowa madzi, akumanga ndi zala zouma timbedza tochepa kuposa njere ya mpunga. Magazini awo ndi makanema awo amayamikira nyengo imeneyi ndi mawu ofanana ndi a mapemphero: bata, kukhala wekha, kupirira, mtsinje wopanda khamu. Ndipo ali ndi yankho limene Cotton analibe. Iwo amati sakupha kanthu, pakuti nsomba akaigwira amaichotsa pa mbedza ndi kuibwezera m'madzi.

Yankho limeneli si lopanda pake, ndipo tiyenera kulipatsa malo ake. Madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda, chotero nsomba yogwidwa mu Febuluwale ndi kubwezedwa mwamsanga imachira bwino kuposa yogwidwa m'nyengo yotentha. Ku Montana komweko, boma limaletsa kuwedza kuyambira 2 koloko masana mpaka pakati pa usiku pa mitsinje imene madzi ake afika madigiri pafupifupi 23 kwa masiku atatu otsatizana, chifukwa pamenepo nsomba yobwezedwa imafa ndi kutopa. Msodzi wa m'chisanu angathe kunena moona kuti dzanja lake ndi lopepuka kuposa la mnzake wa mu Ogasiti. Vuto liri pa mapazi ake.

M'chaka cha 1992 asayansi awiri, Roberts ndi White, anafalitsa zimene anapeza pofufuza za mazira a trout ku Montana. Anayesa kuponda pa timiyala tokhala ndi mazira monga mmene msodzi amapondera akamayenda m'madzi. Kuponda kamodzi kokha mazira atatsala pang'ono kuswa kunapha mpaka 43 pa 100 ali onse, ndipo kuponda kawiri pa tsiku nthawi yonse ya kukula kwake kunapha mpaka 96 pa 100 ali onse. Kumapeto kwa chisanu ndiyo nthawi imene mazira a trout yoswana mu Novembala akuyandikira kuswa, ndiponso ndiyo nthawi imene mtundu wina uja, umene unabweretsedwanso kuno, umayamba kukumba maenje ake. Munthu angathe kugwira nsomba imodzi, kuisisita, kuijambula ndi kuibweza mwachikondi, ndipo pobwerera kumtunda nkupha mazana a anzake osadziwa. Cotton, amene ankaphunzitsa kuima patali pamtunda poponya nyambo yake, pa ichi anali wosalakwa kuposa omutsatira. Alipo ena amene amapitirira pamenepa, oponyera dala nyambo yooneka ngati dzira kumunsi kwa maenje, kapena kuloza nsomba imene iri pa dzenje penipeni; asodzi anzawo ambiri amadana nalo khalidweli, ndipo mabungwe awo amaphunzitsa kuzindikira malo oyera ozungulira pa timiyala ndi kuwalambalala. Mbalame iri pa mazira ija ya Walton yabwereranso, itavala mamba.

Palinso funso lina limene kubweza nsomba kumadzutsa, ndipo kwa ife amene nsomba ndi ndiwo, limabwera lokha pakamwa. Cotton ankadya zimene wagwira. Chakumapeto kwa gawo lake akuphunzitsa kuphika trout m'mowa wokhalitsa, viniga ndi vinyo woyera, pamodzi ndi zitsamba zonunkhira, ndipo akuti iyenera kudyedwa pasanapite maola anayi kapena asanu chiigwirireni. Kupha kwake kunali ndi mathero ake pa tebulo, pakati pa mwini nyumba ndi mlendo. Nanga wogwira ndi kubweza, nsombayo waivutitsiranji? M'chaka cha 2003 Lynne Sneddon ndi anzake ku Scotland anasonyeza kuti trout iri ndi mitsempha yomva zopweteka kumutu ndi pamilomo, ndipo kuti ikabayidwa mankhwala owawa imaleka kudya ndi kumakhuza mlomo pa timiyala. Akatswiri akutsutsanabe ngati kumeneku ndi kumva ululu monga timaumvera ife, koma dziko la Switzerland silinadikire kuti mkanganowo uthe: lamulo lake la m'chaka cha 2008 limaletsa kuwedza ndi cholinga chodzabweza nsomba. Chimene ku Montana ndi ulemu, ku Switzerland ndi mlandu. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, pakuti wina akuteteza mtundu wonse wa nsomba mu mtsinje, wina akuteteza nsomba imodzi iri m'dzanja. Koma pa mtsinje wa mu Febuluwale, pamene pali nsomba yofooka pamwamba ndi mazira pansi, mfundo ziwirizi zimaloza kumodzi, ndiko kumene Walton analoza.

Nzeru imeneyi si ya Angerezi okha. Amene anakulira kunyanja akukumbukira ntchila, nsomba imene kale inkadzaza maukonde, ndipo inasowa kwambiri, mwa zina chifukwa choitchera pa mathiriro a mitsinje pamene inkakwera kukaswana. Akudziwanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja ndi kuutsegulanso mu Epulo. Anthu a ku Mbenji akanamumva Walton mosavuta, ngakhale akanadabwa ndi munthu wolemba buku lonse za nsomba imodzi imodzi.

Tsono bukuli tiliwerenge bwanji? Gawo la Cotton ndi limene liri ndi moyo wochuluka, ndipo wofuna kuphunzira kuyang'anitsitsa cholengedwa, mtundu wa phiko la kachirombo, ola limene madzi amafunda, mbali imene mphepo ikuchokera, adzapindula nalo kuposa ndi nyimbo ndi maulaliki a Walton. Chilema chake n'chakuti m'masamba ake onse mulibe mwezi wopuma. Mndandanda wake uyambira Januwale nufika Disembala, mwezi uli wonse ndi nyambo yake, ngati kuti kudziwa njira yogwirira nsomba m'mwezi wakutiwakuti ndi chilolezo chokwanira. Munthu yemweyo akusimba mokondwa za madzulo amodzi a nyengo yofunda pamene anagwira nsomba zikuluzikulu zoposa 30 m'maola atatu. Sitinganene kuti ndi mtima womwewo umene unamulowetsa m'ngongole, koma mbiri ikuti m'chaka cha 1681 anagulitsa Beresford Hall, ndipo m'chaka cha 1687 anamwalirira ku London, kutali ndi mtsinje wake. Walton, amene anali wamalonda wamba wa mu mzinda, anafika zaka 90, namwalira ku Winchester m'chaka cha 1683.

Chokoma koposa m'nkhani yonseyi ndi mmene bambo anaulandirira mtsutso wa mwana wake. Mphamvu zofufuta chiganizo chija anali nazo, popeza buku linali lake ndipo ndiye ankayang'anira kusindikiza. Sanachifufute. M'kalata yake yoyankha, yolembedwa ku London pa 29 Epulo 1676, akuuza Cotton kuti walisindikiza gawolo monga momwe analilandirira, kupatula timawu tochepa tofotokozera timene anawonjezera m'mphepete mwa masamba. Za trout ya Febuluwale sakunenapo kanthu. Akungoti ngakhale ali m'chaka chake cha 83, ndipo pakati pawo pali mtunda wa mamailosi oposa 100, adzaiwala zonsezo ndi kunyamuka kukamuona ku Dove mwezi wotsatira, umene unali Meyi.